Ngalaŵa Zisanu za Bambo Hiscock

Mbiri ya maulendo a panyanja yadzala ndi maina a akazembe a nkhondo, amalonda ndi anthu ofunafuna maiko achilendo, amene adatumidwa ndi mafumu ndipo adali ndi amalinyero mazanamazana oŵagwirira ntchito. Nkhani ya lero ndi ya munthu wa mtundu wina. Bambo Eric Hiscock, mbadwa ya ku Mangalande, sadatumidwe ndi mfumu kapena kampani iliyonse. Maso awo adali ofooka, chuma chawo chidali chochepa, ndipo woŵathandiza yekhayo pangalaŵa adali akazi awo, Mai Susan. Komabe aŵiriŵa adazungulira dziko lonse lapansi katatu pangalaŵa zoyendera mphepo. Pa zaka zoposa 50 Bambo Hiscock adakhala ndi ngalaŵa zisanu, ina pambuyo pa inzake, ndipo zonsezo zidali ndi dzina limodzi, Wanderer, kutanthauza woyendayenda. Wofuna kudziŵa moyo wa munthuyu ayenera kutsata ngalaŵa zimenezi, pakuti iliyonse idabwera kudzathetsa vuto limene inzake idasiya.

Bambo Hiscock adabadwa pa 14 Malichi, 1908, mumzinda wa Southampton, umene uli ndi doko lalikulu kugombe la kumwera kwa Mangalande. Pandunji pa mzindawu pali chisumbu cha Wight, ndipo pakati pa chisumbucho ndi mtunda pali mpata wa madzi wotchedwa Solent. Madzi a kumeneko sakhazikika monga achitira madzi a m'nyanja za kumtunda. Kaŵiri patsiku amakwera ndi kuphwa chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, ndipo pokwera ndi pophwa amathamanga m'mipata ngati mtsinje wosefukira. Pamalo pamene m'maŵa padali madzi akuya, masana pamaoneka matope. Mnyamata wophunzira kuyendetsa ngalaŵa pamalo otere amazoloŵera msanga kuŵerengera nthaŵi, kuyeza kuya kwa madzi ndi kudikira.

M'masiku amenewo kuoloka nyanja zamchere pangalaŵa yaing'ono kudali kutachitikapo kale. Kaputeni Joshua Slocum, wobadwira ku Nova Scotia, adazungulira dziko yekhayekha pangalaŵa yotchedwa Spray kuyambira 1895 mpaka 1898. Paulendowo adaima ku South Africa, ndipo ku Pretoria adaonana ndi Pulezidenti Paul Kruger, amene ankakhulupirira kuti dziko ndi lathyathyathya, choncho adakana kuti munthu angalizungulire. Koma Slocum adali kaputeni wa sitima zikuluzikulu, wokulira panyanja chiyambire ubwana wake, ndipo anthu adaona ulendo wake ngati chozizwitsa cha munthu mmodzi. Ochepa amene adatsata mapazi ake ankaŵaona ngati anthu osasamala moyo wawo. Sadali ambiri oganiza kuti mwamuna wamba ndi mkazi wake angathe kuchita zomwezo, nabwerera kwawo ali amoyo ndi osangalala.

Wanderer yoyamba Bambo Hiscock adaigula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Idali kangalaŵa ka matabwa ka mapazi 18 m'litali, kakale ndithu, pakuti kadamangidwa mwini wakeyo asanabadwe. Kangalaŵa aka ndiko kadali sukulu yawo. Ngalaŵa ya matanga singayende molunjika kumene mphepo ikuchokera. Woyendetsa akafuna kupita kumeneko amayenda mokhotakhota, uku kamodzi uku kamodzi, monga achitira munthu wokwera phiri atasenza katundu. Pansi pa ngalaŵa pamakhala chipsepse cholemera cha chitsulo kapena mtovu, chimene chimailetsa kutsetsereka cham'mbali ndi kuidzutsa mphepo ikaipendeketsa. Mphepo ikayamba kukula, thanga liyenera kuchepetsedwa nthaŵi ikadalipo, chifukwa wozengereza amakachita ntchitoyo mafunde akumgwera pamutu. Zonsezi adaziphunzira poyenda m'mbali mwa gombe la kwawo, kuchoka padoko ili kukagona padoko lina. Vuto la kangalaŵaka lidali kuchepa. Sikadathe kunyamula madzi ndi chakudya cha masiku ambiri.

Chifukwa cha ichi adapita kwa katswiri wojambula mapulani a ngalaŵa, Bambo Jack Laurent Giles, amene ankagwira ntchito m'tauni ya Lymington, m'mbali mwa Solent momwemo. Wanderer yachiŵiri idamangidwa ku Poole m'chaka cha 1936. Idali ya mapazi 24, yopapatiza, yozama m'madzi ndi yopanda injini. Kusoŵa injini kudali ndi tanthauzo lalikulu. Mphepo ikaleka, ngalaŵa inkangoyandama mpaka mphepoyo itabweranso. Poloŵa m'doko lodzaza ngalaŵa zina padalibe chodalira china koma thanga, tsigiro ndi nangula. Pangalaŵa imeneyi Bambo Hiscock adafika kuzisumbu za kumadzulo kwa Scotland, adazungulira Ireland, ndiponso adaoloka kupita kumagombe a France. Zimene adaona ndi kuphunzira adayamba kuzilemba m'magazini a za ngalaŵa, ndipo m'chaka cha 1939 buku lawo loyamba, Wandering Under Sail, lidasindikizidwa.

Chaka chomwecho nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse idabuka. Bambo Hiscock adaloŵa gulu la nkhondo la pamadzi, koma patapita nthaŵi madokotala adaŵatulutsa chifukwa cha kufooka kwa maso. Kwa munthu amene moyo wake wonse udali panyanja, chigamulo chimenechi chidali choŵaŵa. Adakagwirako ntchito ya kumunda, kenaka adapeza njira yobwerera pamadzi poloŵa gulu la anthu wamba loperekeza ngalaŵa za nkhondo kuchoka padoko lina kupita padoko lina. M'chaka cha 1941 adakwatira Susan Sclater, amene adabadwa m'chaka cha 1913 ndipo nayenso adali wokonda ngalaŵa. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Kuyambira pamenepo mbiri ya ngalaŵa za Wanderer idakhala mbiri ya anthu aŵiri.

Nkhondo itatha, banjali lidakhazikika ku Yarmouth, pachisumbu cha Wight. M'chaka cha 1950 adayesa ulendo wawo woyamba wa m'kati mwa nyanja yaikulu. Adanyamuka pa Wanderer yachiŵiri kupita kuzisumbu za Azores, zimene zili m'nyanja ya Atlantic mitunda yoposa 1,000 kuchokera ku Mangalande, nabwerera podzera ku Spain. Ulendowo udaŵaonetsa kuti anthu aŵiri angathe kukhala masiku ambiri osaona mtunda, wina akugona wina akuyendetsa. Udaŵaonetsanso kuti mapazi 24 sangakwanire ulendo wa zaka zitatu. M'chaka chomwecho Bambo Hiscock adatulutsa buku lotchedwa Cruising Under Sail, lofotokoza kasankhidwe, kasamalidwe ndi kayendetsedwe ka ngalaŵa zazing'ono. Bukuli lidasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, ndipo ndalama za mabuku, nkhani za m'magazini ndi zithunzi ndizo zidakhala nkhokwe ya banjali.

Adabwereranso kwa Bambo Giles, ndipo chipatso cha zokambirana zawo chidali Wanderer yachitatu, imene idamangidwa ndi kampani ya William King ku Burnham-on-Crouch ndi kuikidwa pamadzi m'chaka cha 1952. Idali ya mapazi 30 m'litali ndi mapazi asanu ndi atatu ndi theka m'lifupi, ya mlongoti umodzi. Matabwa ake adali a mtengo wa kuno ku Africa wotchedwa iroko, umene a ku East Africa amautcha mvule, mtengo wosaola msanga m'madzi. Kunsi kwake adakutako ndi mkuŵa, chifukwa m'nyanja zofunda muli mphutsi zimene zimaboola matabwa a ngalaŵa monga afumbwe achitira chimanga m'nkhokwe, osaonekera kunja mpaka thabwa litafumbwa. Adaikamo kainjini ka mphamvu ya akavalo anai, kongothandiza poloŵa ndi potuluka m'doko. M'kati mwake mudali pogona, pophikira, pa mabuku ndi mapu, ndi kamalo kotsukirako zithunzi.

Pa 24 Julaye, 1952, Wanderer yachitatu idatuluka m'doko la Yarmouth. Njira imene adasankha idali yotsata mphepo. Pafupi ndi mzera wa pakati pa dziko dzuŵa limatenthetsa mpweya, mpweyawo umakwera, ndipo wina wozizirapo umathamangira kudzaloŵa m'malo mwake kuchokera kumpoto ndi kumwera. Chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, mphepo zimenezi zimapendekera kumadzulo, ndipo zimaomba mosalekeza kwa miyezi yambiri. Amalinyero akale adazidalira pa malonda awo. Mwera umene asodzi a pa Nyanja ya Malaŵi amaudziŵa bwino m'miyezi yozizira ndi mbali ya mphepo zomwezi. Ngalaŵa yoloŵera kumadzulo m'dera limeneli imakhala ndi mphepo kumsana pafupifupi ulendo wonse. Koma dera lomweli ndilo kwawo kwa anamondwe. Ku Atlantic amabwera kuyambira Juni mpaka Novembala, ndipo kumwera kwa Pacific kuyambira Novembala mpaka Epulo. Motero ulendo wonse udayenera kukonzedwa ndi kalendala m'manja, kuti nyengo ya namondwe iŵapeze ali kwina.

Adatsika m'mbali mwa Spain ndi Portugal, nafika ku Madeira ndi kuzisumbu za Canary. Kuchokera kumeneko adaoloka Atlantic mpaka ku Barbados m'masabata pafupifupi anai. Adadutsa ngalande ya Panama, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1914 ndipo imapulumutsa ngalaŵa ku njira yoopsa ya ku Cape Horn. Patsogolo pawo padali chigawo chachitali kuposa zonse, kuchokera ku Panama mpaka kuzisumbu za Marquesas, mitunda pafupifupi 4,000 ya madzi okhaokha, imene idaŵatengera nthaŵi yoposa mwezi wathunthu. Mtunda wa panyanja ndi wotalikirapo kuposa wa pamsewu, pakuti uli ndi mamita 1,852. Ngalaŵa ya msinkhu wa Wanderer ikayenda bwino imatha mitunda yoposa pang'ono 100 pa usana ndi usiku. Liŵiro limeneli ndi la munthu wothamanga pang'onopang'ono, koma ngalaŵa sipuma.

Funso limene omvera ambiri angafunse ndi lakuti anthu aŵa ankadziŵa bwanji pamene ali, popeza pamadzi palibe phiri kapena mtengo woloza njira. Yankho lidali kumwamba. Ndi chida chotchedwa sekisitanti woyendetsa amayeza kutalika kwa dzuŵa pamwamba pa mzera umene nyanja imakumana ndi thambo. Muyeso wa dzuŵa lili paliombo, poufanizira ndi manambala a m'buku la akatswiri a zakuthambo, umamuuza kuti ali kumpoto kapena kumwera motani. Kudziŵa za kum'maŵa ndi kumadzulo kumafuna wotchi yolondola. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiye kuti madigiri 15 pa ola limodzi. Munthu akadziŵa nthaŵi ya ku Greenwich ndi nthaŵi ya dzuŵa pamene iye ali, kusiyana kwake kumamuuza mtunda umene wayenda. Wotchi ikalakwa ndi masekondi anai okha, malo apamapu amalakwika ndi mtunda umodzi. Apa ndipo wailesi idali bwenzi lawo lalikulu, chifukwa zizindikiro zolengeza ola zimene nyumba za mphepo zimaulutsa ndizo ankakonzera wotchi yawo. Wailesiyo idali yongomvera. Ngozi ikadaŵagwera pakati pa nyanja, sakadatha kuitana munthu.

Moyo wa tsiku ndi tsiku udali wa malamulo okhwima. Usiku ankasinthana, wina akuyang'anira ngalaŵa wina akugona maola oŵerengeka. Mphepo ikakhala kumsana ankakweza matanga aŵiri ofanana kutsogolo, lina kumanja lina kumanzere, namangirira zingwe zake kutsigiro, kotero kuti ngalaŵa ikayamba kupatuka, thanga limodzi linkakoka tsigiro ndi kuibwezera panjira. Mwanjira imeneyi ngalaŵa inkadziyendetsa yokha kwa masiku ambiri, ngakhale inkagwedezeka kosalekeza mpaka mbale ndi makapu zinkafuna kugwiridwa. Madzi akumwa ankaŵagwiritsa ntchito moyeza. Chakudya chidali cha m'zitini ndi zina zosaonongeka msanga, chophikidwa pachitofu cha palafini. Tsiku lililonse ankayendera zingwe ndi matanga kufunafuna pamene payamba kuperepeseka, pakuti panyanja chingwe sichiduka ndi mphepo yokha ai, chimayamba chadyeka pang'onopang'ono pokhudzana ndi chinzake.

Kuchokera ku Marquesas adafika ku Tahiti ndi ku Fiji, napita ku New Zealand kukabisala nyengo ya anamondwe. Atachoka ku Sydney adakwera m'mbali mwa Australia, m'kati mwa mpanda wa miyala ya korali wotchedwa Great Barrier Reef. Madera otere ndi oopsa kuposa nyanja yakuya. Miyala ya korali imabisala pansi pa madzi pang'ono chabe, ndipo chisumbu chathyathyathya chimaoneka pokhapokha nsonga za mitengo ya kokonati zitatulukira, ngalaŵa ili kale pafupi. Njira imadziŵika poona mtundu wa madzi dzuŵa lili kumsana: obiriŵira modera ndi akuya, oyererako ndi osaya, ofiirira ndiye mwala. Pa ntchito imeneyi maso akuthwa a Mai Hiscock adali chuma cha ngalaŵa yonse.

Adaoloka nyanja ya India podzera ku Cocos Keeling ndi ku Mauritius, ndipo chakumapeto kwa 1954 adafika ku Durban. Gombe la pakati pa Durban ndi Cape Town amalinyero amaliopa mpaka lero. Kumeneko kuli mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas, madzi ofunda othamangira kumwera, ena mwa iwo ochokera mumpata wa pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Mphepo yamkuntho ikaomba kuchokera kumwera chakumadzulo imalimbana ndi madziŵa maso ndi maso, ndipo mafunde amaima chilili ngati makoma, moti adathyolapo ngakhale sitima zikuluzikulu. Kuchokera ku Durban kufika ku East London, mitunda pafupifupi 250, palibe doko lothaŵirako. Nzeru ya pagombe limeneli ndi kudikira padoko mpaka mkuntho utadutsa, ndi kuthamangira doko lotsatira wina usanabwere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wanderer idafika ku Cape Town bwinobwino, idakwera Atlantic podzera ku Ascension ndi ku Azores, ndipo pa 13 Julaye, 1955, idaponya nangula ku Yarmouth itayenda mitunda pafupifupi 32,000.

Bungwe la Cruising Club of America lidaŵapatsa mendulo yotchedwa Blue Water Medal ya chaka cha 1955, ndipo chaka chotsatira buku la ulendowo, Around the World in Wanderer III, lidatuluka. Chimene chidadabwitsa oŵerenga ndi kuchepa kwa zoopsa m'bukulo. Mlongoti sudathyoke, munthu sadagwere m'madzi, njala sidaŵapeze. Kuti nyanja ndi yoopsa palibe adakaika. M'chaka cha 1957 Miles ndi Beryl Smeeton, banja lina lodziŵa bwino za panyanja, adagubuduzidwa ndi funde pangalaŵa yawo Tzu Hang kumadzulo kwa Cape Horn, milongoti yonse nithyoka, ndipo adapulumukira mkamwa mwa mbuzi. A Hiscock adasonyeza kuti mbali yaikulu ya ngozi ingapeŵedwe posankha njira, nyengo ndi ngalaŵa yoyenera. Chiphunzitso chimenechi ndicho chidalimbitsa mtima mabanja ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka kugulitsa katundu wawo ndi kutsata njira yomweyo.

Kuyambira 1959 mpaka 1962 adazunguliranso dziko pangalaŵa yomweyo, koma pobwerera adadzera Nyanja Yofiira ndi ngalande ya Suez. Ulendo uwu udaonetsa kuti ngakhale munthu wosamala ngozi imampeza. Kumpoto kwa Australia Wanderer idakwera pamwala wa korali, nigona cham'mbali mafunde akuimenya. Ngalaŵa yomangidwa mwachinyengo ikadasweka pomwepo. Matabwa a iroko ndi luso la amisiri a ku Burnham zidapirira, ngalaŵa idachotsedwa pamwalapo, ndipo ulendo udapitirira. M'Nyanja Yofiira adalimbana ndi mphepo ya kumpoto imene imaomba motsutsana ndi ngalaŵa zopita ku Suez. Paulendowu adajambula kanema, amene adaonetsedwa pa BBC, ndipo buku lake, Beyond the West Horizon, lidatuluka m'chaka cha 1963. Pakati pa zaka za m'ma 1960 adaolokanso Atlantic kukayendera gombe la kum'maŵa kwa Amereka.

Zaka zimenezo zidali za mipikisano ndi mbiri. Francis Chichester adazungulira dziko yekha mu 1966 ndi 1967, ataima ku Sydney kokha, ndipo Mfumukazi Elizabeth idampatsa ulemu wa Sir. Robin Knox-Johnston adalizungulira osaima paliponse m'masiku 312, kuyambira 1968 mpaka 1969. A Hiscock sadaloŵe nawo m'mipikisano imeneyi. Nkhaŵa yawo idali ina. M'chaka cha 1968 bambo adali ndi zaka 60, mai 55, ndipo adaganiza zogulitsa nyumba yawo ya ku Yarmouth kuti ngalaŵa ikhale mudzi wawo mpaka imfa. Wanderer yachitatu idali yabwino paulendo, koma monga nyumba ya anthu oyamba kukalamba idali yothina ndi yogwedezeka kwambiri. Adaigulitsa, namangitsa ina ku Holland.

Wanderer yachinai idali ya chitsulo, ya mapazi 49, ya milongoti iŵiri ndi injini ya dizilo, ndipo kulemera kwake kudaposa kaŵiri kwa inzake ija. M'kati mwake mudali motakasuka, mokwana mabuku, zida ndi alendo. Adaoloka nayo Atlantic, nadutsa Panama, nafika ku California ndi ku Hawaii, kenaka ku New Zealand, dziko limene kuyambira pamenepo lidakhala ngati kwawo. M'kati mwa zaka za m'ma 1970 adabwerera nayo ku Mangalande podzera nyanja ya India ndi South Africa, motero adatsiriza kuzungulira dziko kachitatu. Ngalande ya Suez idali yotsekedwa kuyambira 1967 mpaka 1975 chifukwa cha nkhondo ya Aarabu ndi Aisraeli, ndipo m'zaka zimenezo ngalaŵa zonse zinkazungulira ku Cape. Pambuyo pake adabwerera ku New Zealand, ndipo adapanganso ulendo wina wopita kugombe la kumadzulo kwa Canada.

Ngalaŵa yaikuluyi idaŵapatsa ufulu umene ankafuna, koma pamtengo wokwera. Mdani wa chitsulo m'madzi amchere ndi dzimbiri. Utoto ukangokalika pang'ono, dzimbiri limaloŵa ndi kufalikira kunsi kwa utotowo, ndipo mwini ngalaŵa amakhalira kupala ndi kupaka. Ngalaŵa ikakula, zonse zimakula nayo. Nangula amalemera, unyolo umalemera, thanga limafuna mphamvu zambiri kulikweza ndi kulipinda, makina amachuluka, ndipo chilichonse chowonjezedwa chimadza ndi tsiku lake loonongeka. Ndalama za padoko ndi za zipangizo zimakweranso. Bambo Hiscock, amene mabuku awo ankaŵerengedwa ngati malamulo a zapanyanja, sadabise zimenezi. Adalemba poyera za zolakwika za ngalaŵa yawo ndi za ntchito imene inkaŵadyera nthaŵi. Anthu aŵiri amene adaimanga kuti iŵapumitse muukalamba adapeza kuti mphamvu zawo zikuchepa chaka ndi chaka pamene zofuna za ngalaŵa sizikuchepa.

Madzi saiŵala khwaŵa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Bambo Hiscock ali ndi zaka zoposa 70, adagulitsa ngalaŵa ya chitsulo ija nabwerera kumatabwa. Wanderer yachisanu idakonzedwa ndi Bambo Alan Orams ndi kumangidwa ku Whangarei, kumpoto kwa New Zealand. Idali ya mapazi pafupifupi 40 ndi mlongoti umodzi, yapakatikati pa yachitatu ndi yachinai. Poyamba idavuta kuongolera, ndipo idafuna kukonzedwanso isanayende mokhutiritsa eni ake. Nkhani ya ulendo wotsiriza wa ngalaŵa yachinai ndi woyamba wa yachisanu adailemba m'buku lotchedwa Two Yachts, Two Voyages, la chaka cha 1984. Pangalaŵa yatsopanoyi adayendera zisumbu za kumwera kwa Pacific ndi gombe la Australia. M'chaka cha 1985 onse aŵiri adalandira ulemu wa MBE chifukwa cha ntchito yawo ya panyanja. Pa 15 Sepitembala, 1986, Bambo Eric Hiscock adamwalira ali m'ngalaŵa yawo ku Whangarei, ali ndi zaka 78.

Mai Susan Hiscock adabwerera ku Yarmouth, kumene adamwalira m'mwezi wa Meyi, 1995. Chaka chimenecho ndicho makina a GPS, ouza munthu pamene ali pogwiritsa ntchito masetilaiti, adalengezedwa kuti akugwira ntchito mokwanira, ndipo luso la sekisitanti, limene banjali lidadalira moyo wawo wonse, lidasanduka losungira tsiku la tsoka. Chuma chimene maiŵa adasiya adachipereka ku bungwe lopulumutsa anthu panyanja la RNLI. Ndi ndalamazo padagulidwa boti lalikulu lopulumutsira anthu, limene lidayamba ntchito ku Yarmouth m'chaka cha 2001, lolembedwa maina a Eric ndi Susan Hiscock pamodzi ndi dzina lija la Wanderer. Anthu amene pa moyo wawo adayesetsa kuti asavutitse opulumutsa anzawo adasiya chombo chokapulumutsa ena.

Mwa ngalaŵa zisanu zija, imene mbiri yake idapitirira kwambiri ndi yachitatu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 idafika m'manja mwa Thies Matzen, mmisiri wa ngalaŵa za matabwa wa ku Germany, amene pamodzi ndi akazi ake, Kicki Ericson, adapita nayo kumadera ozizira a kumwera kwenikweni kwa dziko, kumene a Hiscock ankapeŵa. Adakhala nayo zaka ziŵiri pachisumbu cha South Georgia, pakati pa madzi oundana. Iwonso adalandira Blue Water Medal ya chaka cha 2011, patapita zaka 56 chilandirire eni ake oyamba mendulo yomweyo pangalaŵa yomweyo.

Poyang'ana ngalaŵa zonse zisanu, manambala ake amanena okha: mapazi 18, 24, 30, 49, kenaka 40. Zitatu zoyamba zidakula pamodzi ndi luso la mwini wake, ndipo sadakwere ina asanatope nayo yapitayo ndi kudziŵa chimene idasoŵa. Padapita zaka pafupifupi 20 kuchokera pamene adagula kangalaŵa koyamba kufikira tsiku limene adanyamuka kukazungulira dziko. Yachinai idapitirira muyeso wa manja a anthu aŵiri, ndipo iwo adavomereza, nabwerera m'mbuyo ali okalamba, pa msinkhu umene ambiri sakonda kuvomereza kuti adasankha molakwa. Mabuku a Bambo Hiscock ndi akale tsopano pa nkhani ya makina ndi zipangizo, koma oyenda panyanja amaŵatsegulabe pofuna kudziŵa nthaŵi yonyamukira, nthaŵi yochepetsa thanga, ndi msinkhu wa ngalaŵa imene anthu aŵiri angaisamale okha.